Ndalama Zawo Ankazifuna, Mawu Awo Ayi

Pa 1 Juni 1774 sitima zankhondo za Britain zinatseka doko la Boston. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso sitima ya malonda yololedwa kutsitsa kapena kupakira katundu mumzindawo. Ngakhale nkhuni ndi chakudya zinkayamba zafufuzidwa kaye ku Marblehead asanazilole kulowa. Boston unali mzinda wa anthu pafupifupi 16,000, ndipo makomo ambiri ankadyera padoko pomwepo: amalinyero, okhoma sitima, opota zingwe, opanga migolo, onyamula katundu, amayi ophikira apaulendo. Onsewa anagona ali pantchito n'kudzuka ali malova.

Analakwanji? Miyezi isanu ndi theka m'mbuyomo, kagulu ka amuna kanakwera sitima zitatu usiku n'kukhuthulira m'madzi mabokosi 342 a tiyi. Boma la ku London linasowa mboni zokwanira zoti limange nazo amunawo, ndiye linangoti mzinda wonse ulipe. Mayi wamasiye amene sanapondeko n'komwe kudoko usiku umenewo, khanda la kumsana, ngakhalenso wamalonda amene ankaikira mfumu kumbuyo ndi kudana nazo zotaya tiyizo, onse chilango chinawagwera chimodzimodzi. Palibe amene anaitana anthu a ku Boston kuti adzayankhe mlandu. Chigamulo chinawapeza chitasainidwa kale.

Imeneyi inali nkhanza, ndipo sinayambe tsiku limenelo. Inali itamera mizu kwa zaka khumi m'boma limene linkafuna ndalama za anthu a m'madera 13 a ku America koma mawu awo osawafuna. Anthu ambiri akamafotokoza chimene chinautsa nkhondo ya ufulu wa America amangoti ndi msonkho. Ine ndikuti chinautsa nkhondoyo ndi kugontha kwadala kwa olamulira.

A ku London anali ndi pogwira, ndipo tisawabisire. Nkhondo ya zaka 7 yolimbana ndi France itatha mu 1763, ngongole ya boma la Britain inali itafika pa mapaundi pafupifupi 130 miliyoni. Gawo lina la nkhondoyo linamenyedwa ku America komweko, ndipo boma linkafuna kusiyako asilikali pafupifupi 10,000. Munthu wa ku England ankakhoma msonkho wochuluka kuposa mnzake wa ku Massachusetts kapena Virginia. Nduna yaikulu George Grenville inati nawonso athandizeko. Pempho lotero si lachilendo, ndipo si loipa. Koma amene wakuthandiza kupirikitsa anyani m'munda sakhala ndi ufulu wotsegula yekha nkhokwe yako n'kumatapa mmene wafunira. Amabwera pakhomo, mumakhala pansi, mumagwirizana. Dera lililonse ku America linali ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ina yakale kwambiri ngati ya ku Virginia imene inayamba kukumana mu 1619, ndipo nyumba zimenezi ndi zimene zinkakhazikitsa misonkho ya anthu ake. Khomo logogodapo linalipo. Grenville analilambalala.

Mu 1765 anabweretsa lamulo la msonkho wa masitampa. Nyuzipepala, makalata a kukhoti, mapepala ogulitsirana malo, ziphaso za malonda, ngakhale makadi a juga, zonse zinkayenera kukhala papepala lodindidwa chidindo cha boma, lolipiridwa ndi ndalama za siliva kapena golide zimene ku America zinali zosowa. Wophwanya lamuloli akanatha kutengeredwa kukhoti la za panyanja, kumene woweruza mmodzi woikidwa ndi boma ankagamula yekha, popanda gulu la nzika zinzake zomva nawo mlandu monga mwa mwambo wa Angerezi. Madera anatumiza makalata odandaula lamuloli lisanadutse. Nyumba ya Malamulo ya ku London inakana kuwalandira, ati malamulo a Nyumbayo salola kumva madandaulo okhudza nkhani za msonkho. Tamvani bwino pamenepa: anthu amene analibe phungu ndi mmodzi yemwe pakati pa aphungu 558 anawatsekeranso kakhomo kokhako kamene kanatsala, ka kalata.

Atafunsidwa kuti zikutheka bwanji kukhometsa msonkho anthu opanda owaimira, a boma anayankha kuti phungu aliyense amaimira ufumu wonse, osati okhawo amene anamuvotera. Anati ngakhale mizinda ikuluikulu ngati Manchester ndi Birmingham ilibe aphungu akeake, koma msonkho imakhoma. Loya wa ku Boston, James Otis, anawayankha kuti ngati mizinda imeneyo ilibe aphungu, ndiye iyenera kupatsidwa. Ananena zoona. Kulakwira Manchester sikuyeretsa kulakwira Boston. Komanso phungu wa ku England akakweza msonkho wa ku England, iye mwini ndi abale ake ankaumva kuwawa. Akakweza wa ku America, thumba lake linkapepukidwa. Munthu amene amapindula ukamalira angakhale bwanji wokuimira? Ambiri a aphunguwo anali asanaonepo America, dziko limene linali pa mtunda wa makilomita oposa 5,000, ulendo wa mwezi wathunthu kapena kuposa panyanja.

Bodza limeneli ife sitichita kulimva kwa alendo. Nyumba ya malamulo ya atsamunda itakhazikitsidwa ku Nyasaland mu 1907, munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Anasankha mmishonale, Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, kuti azilankhulira eni dziko, uku agogo athu akukhoma msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata. Anthu akuda anayamba kulowamo mu 1949. Kaya mmishonaleyo anali ndi mtima wabwino chotani, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anthu a ku America anakana masitampa aja. Ananyanyala katundu wa ku Britain, nthumwi za madera 9 zinakumana ku New York mu Okutobala 1765, ndipo magulu a anthu olusa anaopseza ogulitsa masitampa mpaka anatula pansi maudindo. Zina zimene anachita zinali zoipa ndithu. Mu Ogasiti chaka chimenecho anaphwasula nyumba ya Thomas Hutchinson, wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Massachusetts, banja lake n'kuthawa usiku, chonsecho iye mwini sankagwirizana nalo lamulolo. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Amalonda a ku London ndi Bristol ataona kuti malonda awo alowa pansi anakakamiza boma, ndipo lamulo linafafanizidwa mu Malichi 1766. Koma tsiku lomwelo mfumu inasainanso lamulo lina lonena kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London ili ndi mphamvu yopangira madera a ku America malamulo pa nkhani ina iliyonse, popanda malire. Msonkho anauchotsa chifukwa thumba la amalonda awo linawawa, osati chifukwa anamva kulira kwa eni nkhani.

Chaka chotsatira nduna ina, Charles Townshend, inabwera ndi misonkho ya galasi, mtovu, penti, mapepala ndi tiyi. Poipa penipeni panali pa ntchito ya ndalamazo: zinali zoti zizilipira abwanamkubwa ndi oweruza. Kale malipiro a akuluakuluwa m'madera ambiri ankavomerezedwa ndi nyumba za malamulo za m'maderamo, choncho bwanamkubwa ankakakamizika kumvako za anthu amene ankawalamulira. Townshend ankafuna kudula chingwe chimenechi, ndipo ankafuna kuti anthuwo alipire okha mpeni wodulira. Nyumba ya malamulo ya Massachusetts italembera madera anzake kalata yoti adandaulire limodzi, nduna Lord Hillsborough inalamula kuti kalatayo ibwezedwe. Aphungu 92 anakana, 17 anavomera. Nyumbayo anaithetsa. Mu Okutobala 1768 asilikali ovala malaya ofiira anatsika padoko la Boston.

Kuika asilikali pakati pa anthu wamba okwiya n'kuitana maliro, ndipo aliyense woganiza ankadziwa zimenezi. Asilikaliwo malipiro awo anali ochepa, moti pa nthawi yopuma ankafuna maganyu pamtengo wotsika, n'kumalanda ntchito za anyamata a mumzindamo. Ndewu zinali zosatha. Pa 22 Febuluwale 1770 munthu wina wogwira ntchito ndi a kasitomu, Ebenezer Richardson, anawombera pawindo la nyumba yake gulu limene linkagenda nyumbayo, n'kupha Christopher Seider, mwana wa zaka 11. Pasanathe milungu iwiri, usiku wa pa 5 Malichi, mumsewu wa King Street, gulu la anthu linazinga asilikali ochepa, kuwanyoza ndi kuwagenda. Mfuti zinalira. Anafa anthu asanu: Crispus Attucks, mmalinyero wa magazi a Chiafirika ndi a eni nthaka a ku America, Samuel Gray, wopota zingwe, James Caldwell, Patrick Carr, wochokera ku Ireland, ndi Samuel Maverick, mnyamata wa zaka 17 wophunzira ntchito yamanja. Asilikaliwo anazengedwa mlandu ku Boston komweko, John Adams n'kuwaimira ngati loya, ndipo nzika za Massachusetts zinamasula mkulu wawo Thomas Preston ndi asilikali asanu ndi mmodzi. Awiri okha ndi amene anapezeka olakwa pa kupha mosakonzekera. Mlandu waukulu suli pa anyamata amantha amene anawombera aja. Uli pa nduna zimene zinawatumiza kumeneko zili khale ku London.

Tsiku lomwelo la 5 Malichi, asanamve n'komwe za magaziwo, nduna yaikulu Lord North inapempha Nyumba ya Malamulo kuti ichotse misonkho ya Townshend, kupatula wa tiyi. Wa tiyiwo sanausiye chifukwa cha phindu, pakuti unali mapeni atatu okha pa paundi imodzi ya tiyi. Anausiya kuti ukhale chizindikiro chakuti mphamvu yokhometsa msonkho idakali m'manja mwawo. Matama okhaokha.

Tiyi amene anatayidwa mu 1773 anali wa East India Company, kampani imene inkatolera misonkho ku Bengal pa nthawi imene njala ya mu 1770 inapha anthu mamiliyoni kumeneko. Kampaniyo inali pafupi kugwa, mosungira katundu mwake mutadzaza tiyi wosagulidwa, ndipo boma linaipulumutsa poilola kugulitsa tiyi ku America kudzera mwa anthu ake osankhidwa. Ku Boston ena mwa osankhidwawo anali ana a Hutchinson, amene tsopano anali bwanamkubwa. Tiyiyo akanatsika mtengo, inde, koma aliyense womugula akanakhala akuvomereza msonkho uja. Ku New York ndi ku Philadelphia sitima za tiyi zinabwezedwa popanda kukhetsa magazi. A ku Boston nawonso anapempha zomwezo. Pa 16 Disembala anthu zikwizikwi anasonkhana m'tchalitchi cha Old South, natuma Francis Rotch, wa banja la eni sitima ya Dartmouth, kuti apite kunyumba ya bwanamkubwa ku Milton akapemphe chilolezo chakuti sitimayo ibwerere ndi katundu wake. Anamudikira mpaka mdima. Anabwera ndi yankho lakuti bwanamkubwa wakana. Tiyi anatayidwa usiku womwewo.

Kuwononga katundu wa eni n'kulakwa, ndipo anthu ngati Benjamin Franklin ananena kuti tiyiyo alipiridwe. Koma taonani zimene anamuchita Franklin yemweyo. Pa 29 Januwale 1774 anaonekera pamaso pa alangizi a mfumu ku London atanyamula dandaulo la nyumba ya malamulo ya Massachusetts lopempha kuti Hutchinson achotsedwe. M'malo mokamba za dandaulolo, loya wa boma Alexander Wedderburn anamulalatira kwa ola lathunthu chifukwa cha makalata a Hutchinson amene Franklin anawatumiza ku Boston, akuluakulu a boma akuseka. Franklin, bambo wa zaka 68, anangoima chilili osayankha. Dandaulo analitaya, ndipo iye anamuchotsa pa udindo woyang'anira mapositi ofesi a ku America. Ameneyu anali munthu wokonda ufumu wa Britain, amene anakhala zaka zambiri ku London akuyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi. Mthenga saphedwa, koma iwo anamuvula ulemu pagulu.

Kutseka doko kunabwera ndi malamulo ena. Aphungu a nyumba yapamwamba ya Massachusetts, amene ankasankhidwa m'deramo, tsopano ankaikidwa ndi mfumu. Misonkhano ya m'matauni, mabwalo amene anthu wamba ankakambirana za misewu, sukulu ndi misonkho yawo, inaloledwa kamodzi kokha pachaka pokhapokha bwanamkubwa atavomereza. Wantchito wa boma akapha munthu pa ntchito yake, mlandu wake ukanatha kusamutsidwira kudera lina kapena ku Britain, chonsecho khoti la ku Boston linali litaonetsa kale mu 1770 kuti limatha kuweruza asilikali mwachilungamo. Bwanamkubwa watsopano anali mkulu wa asilikali, Thomas Gage. Boma linkayembekezera kuti madera ena achita mantha n'kuusiya wokha mzinda wa Boston. Koma ku South Carolina kunachokera mpunga, ku Connecticut alimi anakusa nkhosa kupita nazo kwa anjala a ku Boston. Anadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Sepitembala 1774 nthumwi za madera 12 zinakumana ku Philadelphia.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'mbiri imeneyi n'chakuti ngakhale apa anthuwa sankafuna kuchoka. Ankadzitcha Angerezi, ankapempherera mfumu m'matchalitchi awo. Analemberanso mfumu George III kalata yodandaula. Ochenjeza boma analiponso ku London komweko. William Pitt anabweretsa njira ya chiyanjano, anaikana. Pa 22 Malichi 1775 phungu Edmund Burke analankhula kwa maola m'Nyumba ya Malamulo kuti madera asiyidwe azidzikhometsa okha msonkho, ndipo anagonja ndi mavoti 270 kwa 78. Pasanathe mwezi, pa 19 Epulo, asilikali pafupifupi 700 anatumizidwa kukalanda zida ku Concord, ndipo pabwalo la ku Lexington anthu asanu ndi atatu a m'deralo anagona pansi osadzukanso. Magazi atakhetsedwa kale chonchi, mu Julayi 1775 nthumwi za ku Philadelphia zinasainanso kalata ina yofatsa, yolembedwa ndi John Dickinson, yopempha mfumu kuti ilowererepo. Richard Penn ndi Arthur Lee anakaipereka ku London. Mfumu inakana kuilandira, ndipo pa 23 Ogasiti inalengeza kuti maderawo ndi oukira. Mu Okutobala sitima zankhondo zinatentha tauni ya Falmouth nyengo yozizira ili pafupi. Boma linayamba kulemba ganyu asilikali a ku Germany kuti akaphe anthu amene linkawatcha ana ake. Pamene Thomas Paine ankatulutsa kabuku kake ka Common Sense mu Januwale 1776, konena poyera kuti ufumuwo autaye, ntchito yaikulu yokopa anthu inali itagwiridwa kale ndi mfumu yomwe. Pa 4 Julayi 1776 analengeza ufulu wawo.

Ndipo tamvani izi. Gulu lina lathunthu la asilikali a Britain litagonja ku Saratoga mu Okutobala 1777, France n'kulowa nkhondo ku mbali ya America, Nyumba ya Malamulo yomwe ija inakhazikitsa mu 1778 lamulo lolonjeza kuti sidzakhometsanso maderawo msonkho wopezera ndalama. Inachotsa msonkho wa tiyi, inafafaniza lamulo lolanda boma la Massachusetts, n'kutumiza nthumwi motsogozedwa ndi Lord Carlisle kukapempha mtendere. Zimene anakana kupereka kwa anthu ogwada ndi kalata m'manja anadzazipereka kwa anthu onyamula mfuti, nthawi itatha kale. Ndiye kuti zinali zotheka kuyambira pachiyambi. Amene anafa pakati pa 1775 ndi 1783, a mbali zonse, anafera liuma la anthu ochepa amene anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Koma mlandu umenewu sungathere pa London pokha, chifukwa muyeso umene ndayezera George III ukuwapezanso olakwa amene anamuukira. Pa anthu pafupifupi 2.5 miliyoni a m'maderawo, mmodzi mwa asanu alionse anali kapolo wochokera ku Africa kapena mbadwa ya akapolo. Amenewa sankalandidwa mapeni atatu pa tiyi. Ankalandidwa thukuta lonse, ana awo, ndi matupi awo omwe. Atsogoleri a ku Virginia ankafuula kuti Britain ikufuna kuwasandutsa akapolo, uku akapolo enieni akuwalimira fodya kuseri kwa nyumba. Thomas Jefferson, amene analemba chikalata cha ufulu chonena za kufanana kwa anthu onse, anakhala ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake. Chinanso chimene chinkawakwiyitsa ena mwa iwo chinali lamulo la mu 1763 loletsa azungu kukalanda malo kuseri kwa mapiri a Appalachian, malo amene anali ndi eni ake. Eni nthakawo palibe amene anawafunsa, ngakhale pa pangano la mtendere la ku Paris mu 1783 limene linagawa dziko lawo iwo kulibe.

Akapolo nawonso analemba makalata. Mu Januwale 1773 akapolo a ku Boston anapereka dandaulo kwa bwanamkubwa ndi nyumba ya malamulo ya Massachusetts, losainidwa ndi munthu wotchedwa Felix. Mu Januwale 1777 Prince Hall ndi anzake anaperekanso lina, akukumbutsa aphunguwo kuti mfundo zimene akumenyera nkhondo ndi Britain zikuwakhudzanso iwo. Aphungu amene ankadziwa bwino kuwawa kwa kalata yosayankhidwa sanakhazikitse lamulo lililonse lowamasula. Ukapolo ku Massachusetts unadzatha kudzera m'makhoti cha m'ma 1783, pamene akapolo eni ake ngati Elizabeth Freeman ndi Quock Walker anakasuma. Kumadera a kummwera unakhalapobe mpaka 1865.

N'chifukwa chake akapolo zikwizikwi anathawira ku mbali ya Britain, imene inalonjeza ufulu kwa othawa kwa ambuye oukira, osati chifukwa cha chifundo koma pofuna kufooketsa adani. Mmodzi wa iwo anali Harry Washington, wobadwira ku West Africa, amene ankasamala akavalo a George Washington, mtsogoleri wa asilikali a ku America, ku Mount Vernon. Anathawa mu 1776. Nkhondo itatha, George Washington anakumana ndi mkulu wa asilikali a Britain, Guy Carleton, mu Meyi 1783 n'kuumirira kuti akapolo othawa abwezedwe kwa eni ake. Carleton anakana, ndipo anthu akuda pafupifupi 3,000 anakwera sitima ku New York kupita ku Nova Scotia, Harry ali m'gulumo. Kumeneko malo amene anawalonjeza ambiri sanawaone, kapena anapatsidwa timinda ta miyala. Mu 1792 iye ndi anzake pafupifupi 1,200 anawoloka nyanja kukakhala ku Freetown, pansi pa kampani ya ku London yotchedwa Sierra Leone Company. Kampaniyo inayamba kufuna msonkho wa malo umene anthuwo ankati analonjezedwa kuti sadzakhoma. Anatumiza nthumwi ku London ndi kalata yodandaula, osaphula kanthu. Anapempha kuti azisankha okha oweruza awo, anawakaniza. Mu 1800 ena mwa iwo anaukira, kampani inawagonjetsa ndi mfuti, awiri inawanyonga, ndipo Harry Washington, atakalamba kale, inamupirikitsira kutsidya kwa mtsinje, ku Bullom Shore.